Kadzidzi ndi Buku la Mayi Penti

1. Kushopu ya amalume

Kusukulu mtsikanayu ankamutchula kuti Kadzidzi chifukwa cha magalasi ake aakulu ozungulira. Dzinali linayamba ngati chipongwe ali Fomu 1, koma pofika Fomu 2 linali litamukhala, moti ngakhale aphunzitsi ena ankalitchula mosazindikira. Amayi ake okha ndiwo ankalikana. Iwo ankati sanabereke mbalame, ndipo ankamuitana kuti Mzime, poti ndiye anali womaliza kubadwa.

Loweruka akatha kuchapa yunifolomu, Kadzidzi ankakonda kupita kushopu ya amalume ake. Shopuyo inali ya fotokope. Munali makina awiri, ena atsopano, ena akale otsokomola ngati nkhalamba, ndipo tsiku lonse munkanunkhira mapepala ofunda. Anthu ankabwera ndi makhadi a ukwati, ziphaso ndi mapepala a mayeso akale. Kadzidzi ankakhala pabenchi ya pawindo n'kumawerenga chilichonse chimene amalume ake amulola.

M'shopumo ndimo anadziwira chinsinsi cha Mayi Penti.

Mayiwa anali wolemba zikwangwani. Zikwangwani za mabutchala, masaluni ndi magalaja a mumsewu waukulu zinali zochokera m'manja mwawo. Ankavala ovolosi yothimbirira utoto ndipo ankayenda akukankha njinga yomangirira makwerero. Ana asukulu ankawaseka. Anyamata ena ankati mayiwo akadutsa pafupi ndi khoma loyera, khomalo limathawa.

Chimene ambiri sankachidziwa n'chakuti akaweruka, Mayi Penti ankajambula nkhani za zithunzi. Nkhaniyo ankaipeka okha, n'kuijambula okha ndi inki yakuda. Akatha ankabwera nayo kwa amalume kuti aisindikize, kenaka ankakhala pabenchi ija n'kumapinda mapepala ndi kuwamanga ndi sitepula. Kadzidzi ankawathandiza kusanja masamba, ndipo gawo lililonse likatuluka ankampatsa buku limodzi.

Nkhaniyo inkatchedwa Telala wa Zithunzithunzi. Inali ya mzinda wongopeka womangidwa pa makwerero a miyala. Mumzindamo munthu akanama kapena akagwidwa ndi chisoni chachikulu, chithunzithunzi chake chinkang'ambika ngati nsalu. Ndiye panali mtsikana wina amene ankasoka zithunzithunzi zong'ambikazo ndi ulusi wopota kuchokera ku utsi.

Kadzidzi anali atawerenga magawo atatu onse kangapo konse, mpaka m'makona mwa masamba munafewa.

2. Ntchito ya Madamu

Lolemba Madamu, mphunzitsi wa chiyankhulo amene ankayang'aniranso kalasi yawo, anapereka ntchito. Ophunzira akhale awiriawiri, asankhe buku limodzi losakhala la silabasi, ndipo Lachisanu adzaimirire kutsogolo kufotokoza chifukwa chimene anzawo ayenera kuliwerengera. Pamapeto kalasi idzavota, ndipo buku lopambana sukulu idzaligula n'kuliika mu laibulale.

Kadzidzi ankakhala desiki imodzi ndi mnzake wapamtima wotchedwa Wayilesi. Mtsikanayu ankayankhula osapuma, ndipo ankatha kutengera mawu a munthu aliyense, kuyambira a hedi mpaka kondakitala wa basi.

Lachiwiri Wayilesi anabwera ndi buku limene achimwene ake ogwira ntchito kunja anamutumizira. Chikuto chake chinali chonyezimira. Panali chimunthu cha minofu chikuuluka pamwamba pa nyumba zosanja zimene zinkayaka moto. M'kati monse munali mitundu yowala. Wayilesi anati ntchito yatha kale, chifukwa akangolikweza m'mwamba kalasi yonse idzavota asanatsegule n'komwe pakamwa.

Kadzidzi anali ataliwerengapo bukulo ndipo linamusangalatsa. Koma anamuuza mnzakeyo kuti atangolitseka, sanakumbukirenso kuti anthuwo ankamenyerana chiyani. Kenaka anatulutsa gawo lachitatu la Telala wa Zithunzithunzi n'kuliika pa desiki.

Pafupi ndi linzake lija linkaoneka losauka. Pepala lake linali lomwe lija la mayeso, ndipo waya wina wa sitepula unali wopindika.

Wayilesi analitenga monyinyirika pa nthawi yopuma. Anayamba kuwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi pamthunzi. Belu linalira iye osalimva. Anzawo ena anafunsa ngati Wayilesi wadwala, poti kuyambira chaka chatha anali asanakhalepo chete nthawi yaitali chotero.

Pobwerera m'kalasi anavomera kuti nkhaniyo ndi yabwino kuposa ya chimunthu chouluka. Koma atamva amene analemba, anaima panjira.

"Mayi Penti omwe aja a makwerero? Ndiye tapita. Zigoli ndi anzake akangomva dzinalo aseka mpaka belu, ndipo palibe amve chimene tikunena."

Zigoli anali mnyamata wokhala kumbuyo, katswiri wa mpira, amene kalasi yonse inkatsatira kuseka kwake.

Wayilesi sanachedwe kupeza nzeru. Anati Kadzidzi apake chikutocho mitundu, amate kapepala pamene pali dzina la wolemba, ndipo alikutire ndi pulasitiki. Akatero adzanena kuti nalonso labwera ndi achimwene ake kuchokera kunja. Anthu akadzalikonda n'kulivotera, choonadi adzachinena pambuyo.

"Si bodza lenileni," anatero. "Ndi kabodza kothandiza buku."

Kadzidzi anayankha kuti akaliganizira.

3. Pakhonde la amayi

Amayi ake a Kadzidzi anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, pansi pa chikwangwani chaching'ono, ndipo pambali pake panali dengu la zidutswa za nsalu.

Lachitatu masana Kadzidzi anakhala pamkeka pafupi nawo, atayala mapensulo a mitundu. Buku linali pamiyendo. Anasankha pensulo yofiira, n'kuibweza. Anatenga yobiriwira, n'kuibwezanso.

Amayi ake anaimitsa makina n'kutambasula dzanja. Bukulo linatseguka pa tsamba limene panali zithunzithunzi za anthu zitayanikidwa pachingwe ngati zovala. Analiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itasintha.

"Mzime, sendera kuno undimvere," anatero. "Ine sindidana ndi kuwerenga. Ndikanadana nako sindikanakugulira magalasi amenewo. Koma buku lili ngati mlendo. Mlendo sumulowetsa kuchipinda usanamufunse kumene wachokera ndi chimene wadzera. Ndaona ana a anzanga atalowetsa alendo oipa m'mutu. Wina amawerenga mpaka mphika kupserera ali pomwepo. Wina akaona nyumba zokongola za m'zithunzi amayamba kunyansidwa ndi kwawo, ndipo mayi ake akamuyankhula amayankha ngati akuyankha wantchito. Wina amaphunzira kuti munthu wamphamvu ndi amene amamenya anzake, n'kumakayesera pa ang'ono ake. Zonsezi zimalowa mwakachetechete, mwanawe, sizigogoda. Tsono izi za zithunzithunzi zoyanikidwa pachingwe ine sindikuzimvetsa, ndipo chimene sindikuchimvetsa sindingalole kuti mwana wanga akaimirire nacho pamaso pa anthu. Undiwerengere. Ukalephera kundiuza ubwino wake ine mayi ako, anzako ukawauza chiyani?"

Kadzidzi anakhala pa kampando pafupi ndi makina n'kuyamba. Ankawerenga mawu, kenaka n'kuloza kabokosi kalikonse ka chithunzi kuti amayi ake aone.

Gawo limenelo linali la munthu wina wolemera wokhala pamwamba penipeni pa mzinda. Iye ankafuna chithunzithunzi chachikulu kuposa cha wina aliyense, choncho analanda zithunzithunzi za antchito ake kuti azilumikize ku chake. Mtsikana wosoka uja anamuyeza, n'kumuuza kuti kulumikiza n'kotheka, koma adzayenera kuchikoka yekha pokwera kwawo. Munthuyo anakwiya n'kupita kwa telala wina. Pa tsamba lotsatira anali ali pakati pa makwerero, thukuta lili kamukamu, chithunzithunzi chake chitadzaza msewu wonse kumbuyo, iye akulephera kukweza phazi.

Amayi anaseka mpaka anapukuta m'maso ndi kansalu. Anati makasitomala otere amawadziwa. Umawauza kuti diresi ili silikukwanani, iwo amati soka basi, ndiye tsiku la ukwati amalephera kukhala pansi.

Kenaka anamuuza kuti abwerere tsamba limodzi. Analoza manja a mtsikana wosoka uja. Anali atagwira timapini pakamwa, singano ataibaya pa kolala ya bulauzi kuti isasowe, ndipo chala chachikulu cha kumanzere chinali chopindikira kunja pogwira nsalu.

"Amene anajambula izi anakhalapo pafupi ndi telala. Ndani?"

Kadzidzi anawauza.

Amayi anayang'ana chikwangwani chawo, kenaka anayang'ana chala chawo chachikulu cha kumanzere. Anati tsiku limene mayiwo anadzalemba chikwangwanicho, atamaliza sanapite. Anakhala pamkeka masana onse akungoyang'ana manja awo, moti iwo ankaganiza kuti mayi wa anthu wasowa kopita.

"Ndiye chala changa chili m'buku," anatero akuchitembenuza, ngati akuchiona koyamba.

Atafunsa za mapensulo a mitundu aja, Kadzidzi sanabise. Anafotokoza nzeru yonse ya Wayilesi. Amayi sanakalipe. Analowetsa ulusi mu singano, n'kupondanso makina.

"Buku lili ndi mwini wake," anatero. "Pita ukawafunse ngati akufuna kukhala a kunja."

4. Pansi pa makwerero

Lachinayi ataweruka, Kadzidzi anawapeza Mayi Penti ali pamwamba pa makwerero kutsogolo kwa shopu yatsopano ya nsapato. Anali atalemba theka la dzina. Anadikira mpaka atamaliza chilembo chimene anali nacho, poti ankadziwa kuti munthu wogwira burashi samudzidzimutsa.

Atatsika anakhala pa chitini cha utoto n'kumulozera Kadzidzi chitini china. Mtsikanayo anafotokoza za ntchito ya Madamu, za buku lonyezimira, za Zigoli ndi za kapepala kophimba dzina. Pofika pa mawu a amayi ake, Mayi Penti anaseka kwambiri.

Kadzidzi anawonjezera kuti akasankha kunena zoona, wakonza kale poyambira. Adzakweza buku la Wayilesi n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamenepo kuseka kunatha.

"Mwambi umenewo uusiye kunyumba," anatero Mayi Penti. "Buku la mnzakolo anajambula ndi anthu odziwa ntchito, ena a iwo ine sindingafike pa phazi lawo. Ukanyoza buku limene anzako amalikonda, wanyoza iwowo, ndipo munthu amene wamunyoza sakumveranso. Usakakweze langa popondereza la wina. Usakanenenso kuti aliwerenge chifukwa wolemba wake ndi wa mumsewu mwathu muno. Chimenecho ndi chifundo, ndipo buku lowerengedwa mwachifundo limathera pansi pa bedi. Ngati lili ndi ubwino, ukanene ubwinowo. Ngati lili ndi zolakwika, usakabise. Galu wa pa tsamba loyamba uja akuoneka ngati mbuzi, ndikudziwa."

Anapukuta burashi pa ovolosi n'kupitiriza.

"Ndikuuze chifukwa chimene ndimapindira ndekha mapepala. Ndinapitapo nayo nkhaniyi ku kampani ina yosindikiza mabuku. Anandilandira bwino, tiyi anandipatsa. Koma anati mtsikanayo akhale mnyamata, singano ikhale lupanga, ndipo tsamba lililonse pakhale ndewu, chifukwa ndizo zimagulidwa. Sanali anthu oipa. Iwo ali ndi antchito ambiri oti awalipire, ndiye sangayese chinthu chimene sakudziwa ngati chiyenda. Ine ndilibe wondiuza. Ndikafuna tsamba lonse lopanda mawu, ndimalisiya lopanda mawu. Ndikafuna kuti wolemera asamenyedwe koma angotopa pa makwerero, amatopa. Mabuku ngati awa, opangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pa thebulo la kunyumba, ubwino wake ndi umenewo. Umaona dzanja la munthu, ndi zimene maso ake anaona, ndi zimene zimamudetsa nkhawa. Nthawi zina amalakwitsa, koma amakutengera kumene sunafikeko. Ndipo usaganize kuti nkhani ya dziko longopeka ndi yothawira moyo. Ine mzinda wa makwerero sindinauonepo, koma anthu ake onse ndimakumana nawo mumsewu uno."

Kadzidzi anafunsa za dzina lija.

Mayi Penti anati zimenezo asankhe yekha. Iwo kusekedwa anakuzolowera, ndipo utoto wa pa ovolosi ndi umene umadyetsa ana awo. Koma anamuchenjeza kuti akanena kuti bukulo ndi la kunja, mwana wina wa m'kalasimo amene amajambula kumbuyo kwa kope lake adzapita kwawo akukhulupirira kuti zinthu zotere zimapangidwa kutali kokha, ndi anthu amene iye sadzafanana nawo.

Asanasiyane, Kadzidzi anapempha chilolezo choti amalume ake akulitse tsamba limodzi kuti a kumbuyo adzathe kuona. Mayiwo anafunsa kuti tsamba liti. Atawauza, anagwedeza mutu movomereza n'kukweranso makwerero.

5. Lachisanu

M'mawa, asanalowe m'kalasi, Kadzidzi anamukokera Wayilesi pambali. Anamuonetsa buku lija. Chikuto chinali chakuda ndi choyera monga kale, ndipo dzina linali poyera.

Anamuuza kuti anena zoona. Ngati Wayilesi akuopa kusekedwa, apita limodzi kwa Madamu kukapempha kuti aliyense afotokoze buku lake.

Wayilesi anatupa masaya. Anati Kadzidzi ndi wouma mutu ngati chitseko cha ku ofesi ya a hedi. Anayenda pang'ono, n'kubwerera.

"Iwe ukaimirira wekha umanong'ona. A kumbuyo angakumve ndani? Bweretsa kuno, mawu a wolemera uja ndichita ine."

Magulu ena anayamba. Panali buku la mbiri ya woyendetsa ndege, la nkhani ya chikondi limene Madamu analiyang'ana ndi diso limodzi, ndi la Zigoli lonena za mnyamata wosauka amene anadzakhala katswiri wa mpira. Zigoli analifotokoza bwino, akuchita kuonetsa ndi miyendo, ndipo anamuombera m'manja kwambiri.

Itafika nthawi yawo, Kadzidzi anakankhira magalasi m'mwamba n'kukweza kabuku kake. Anatchula mutu wake. Kenaka ananena kuti analemba ndi kujambula ndi Mayi Penti, olemba zikwangwani aja.

Kalasi inaphulika ndi kuseka monga Wayilesi ananenera. Zigoli anafunsa ngati bukulo lauma kale kapena aliyense woligwira atuluka ndi utoto m'manja. Ena anagunda madesiki. Madamu sanaletse msanga. Anangopinda manja n'kumuyang'ana Kadzidzi.

Mtsikanayo anadikira. Sanatsitse buku. Phokoso litachepa anati inde, ndi mayi omwewo, ndipo galu wa pa tsamba loyamba akuoneka ngati mbuzi, aliyense adzionere yekha. Anzake anasekanso, koma kuseka kwawo kunali kwina.

Apo Wayilesi analowapo. Anatulutsa mimba, anakweza chibwano, n'kuyamba kulamula telala ndi mawu onenepa kuti amusokere chithunzithunzi chofika kumsika. Kenaka anayamba kukwera makwerero osaoneka, akukoka chinthu cholemera kumbuyo, mpaka anagwira thebulo la Madamu akupuma wefuwefu. Ngakhale Madamu anabisa pakamwa ndi dzanja.

Zigoli anakweza mkono n'kufunsa kuti ndewu ili pati, chifukwa buku la makatuni lopanda ndewu lili ngati mpira wopanda magolo.

Kadzidzi sanamuyankhe mwachindunji. Anamata pa bolodi tsamba lokulitsidwa lija. Linali ndi timabokosi titatu, popanda liwu ngakhale limodzi. M'koyamba mtsikana wosoka anali atakhala pakhomo madzulo, pambali pake pali mpando wopanda munthu. M'kachiwiri munali khoma lokha, ndipo pakhomapo chithunzithunzi cha mtsikanayo chinali chitatsamira pa phewa la chithunzithunzi china chachikulu. M'kachitatu munali singano yokha itabayidwa pa mpukutu wa ulusi.

Anafunsa kalasi kuti chachitika n'chiyani.

Onse anayang'anitsitsa tsambalo. Kenaka mtsikana wina anati mwina pali munthu wosaoneka. Mnyamata wina anati mtsikanayo akulota. Wina anati wasoka yekha chithunzithunzi cha munthu kuti asakhale yekhayekha. Anayamba kutsutsana, ena kuimirira kuti aone bwino.

"Munthuyo anamwalira." Anali Zigoli, ndipo sanakweze mkono. "Anamwalira, koma chithunzithunzi chake sichinafune kuchoka. Ndipo mtsikanayo waika singano pansi chifukwa apa palibe choti asoke."

Onse ankadziwa kuti bambo ake a Zigoli anamwalira chaka chatha, ngakhale iye sankazikamba.

Kadzidzi anati sakudziwa yankho lolondola, chifukwa bukulo silinena. Anafotokoza kuti n'chimene amalikondera. Pakati pa kabokosi ndi kabokosi pali kampata koyera, ndipo m'kampatamo wowerenga amaikamo zake. Anati buku lotere silifuna kuthamangira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati mzinda wake ndi wongopeka, koma manja a telalayo ndi a amayi ake enieni, ndipo wolemera uja aliyense angamupeze mumsewu. Pomaliza anati wolembayo palibe anamuuza zoti ajambule, n'chifukwa chake nkhaniyo sifanana ndi ina iliyonse imene iye anawerengapo.

Anakhala pansi. Wayilesi anamutsina pa mkono n'kumunong'oneza kuti sananong'one.

Povota, buku la mpira linapambana. La Mayi Penti linabwera pachiwiri. Wayilesi anadandaula kuti anyamata ena anakweza manja onse awiri, koma Kadzidzi sanaone chodandaulitsa. Pa nthawi yopuma desiki yawo inazunguliridwa. Ena ankafuna kubwereka, ena ankafunsa kumene angapeze gawo loyamba. Kamnyamata kena kachete ka pakona kanafunsa ngati mayiwo amajambula ndi cholembera wamba kapena chapadera.

Zigoli anabwera pomaliza, anzake atatuluka. Anaima manja ali m'thumba n'kufunsa ngati tsamba la pa bolodi lija lili ndi ntchito. Kadzidzi analimatula n'kumupatsa. Iye analipinda bwinobwino n'kuliika m'kati mwa buku lake la mpira.

Koma buku lenilenilo palibe wophunzira anapita nalo. Madamu anati ayamba ndiwo kuliwerenga, n'kuliika m'chikwama chawo.

6. Pempho

Ataweruka Kadzidzi anathamangira kushopu ya amalume. Anapeza Mayi Penti ali pabenchi, chala chawo cha kumanja chitakulungidwa ndi bandeji. Chitini chinawadula potsegula.

Anawafotokozera zonse, kuseka, makwerero a Wayilesi ndi kuvota. Amalume anati kukhala wachiwiri kumbuyo kwa mpira ndi kupambana kumene, chifukwa mpira suluza kwa aliyense. Mayi Penti anafunsa kawiri zimene mnyamata uja ananena za singano.

Kenaka anatulutsa mapepala m'chikwama. Linali gawo lachinayi. Zithunzi zonse zinali zitatha, koma timitambo ta mawu totuluka pakamwa pa anthu tinali topanda kanthu. Anati burashi yaikulu angaigwire ndi bandeji, koma tizilembo tating'ono sangathe mpaka chala chipole, ndipo pali anthu amene anawalonjeza gawoli mwezi uno. Anamuuza Kadzidzi kuti alembe chiganizo chimodzi pa kapepala. Analemba. Mayiwo anachiyang'ana pafupi, n'kuchiyang'ananso patali.

"Zilembo zako zimaima bwino. Ungabwere mawa ndi Loweruka linalo udzandilembere? Dzina lako lidzakhala kumbuyo, pansi pa langa. Koma ukapemphe kaye kwa amayi ako. Akakana, nkhani yathera pomwepo."

Kadzidzi anayang'ana amalume ake. Iwo anakweza manja n'kunena kuti za achemwali awo salowererapo.

Njira yonse ankayeserera mmene akayambire. Anaganiza zoyamba watsuka mbale ndi kusesa pakhonde, kenaka n'kupempha amayi atakhala pansi.

Atakhota pa ngodya ya nyumba yawo anachepetsa liwiro. Pakhonde panali mlendo. Madamu anali atakhala pa kampando, chikwama chili pamiyendo, kapu ya tiyi ili m'manja. Amayi ake a Kadzidzi ndiwo anayamba kumuona.

"Wafika nthawi yabwino, Mzime. Lonjera aphunzitsi ako ukhale pansi. Andiuza zimene wachita lero, ndipo ndakondwa." Anasuntha dengu la nsalu kuti apeze pokhala. "Koma abweranso ndi nkhani ya masamu ako. Akuti kuyambira mawa, Loweruka lililonse uzipita kusukulu kumaphunziro owonjezera a masamuwo."